Ka R kozunguliridwa kaja sikokongoletsera lebulo ayi

Ntchito yanga ndi yopanga malebulo ndi masitika, kashopu kanga kali cha ku Katoto kuno, ndipo sabata siyitha osabwera munthu woti "achimwene mundiikireko ka R kaja pamwamba pa dzina, ziziwoneka ngati za mu shopu yaikulu". Amayi a chiponde a ku Chibavi, anyamata a uchi ochokera ku Nkhata Bay, ena opakira mpunga wa kilombero mmajumbo a ma kilo awiri, onse akufuna ka R. Ndikafunsa kuti dzinali munalembetsa? amati eya, satifiketi ya bizinesi ndili nayo. Vuto lonse lagona pomwepo, ndiye ndati ndingolemba kuti pakamwa papume.

Tiyambe ndi chophweka, ™, chidule cha trademark, kutanthauza chizindikiro cha malonda. Aka aliyense atha kuika, simupempha chilolezo kwa munthu, simulipira kalikonse. Kamangouza anthu kuti dzina ili kapena logo iyi ine ndikuyitenga ngati chizindikiro cha malonda anga. Ngati mwangoyamba kumene geni yanu, kapena mafomu munapereka koma yankho silinabwere, ikani ™ basi mtima uli mmalo. Mungodziwa kuti mphamvu yake ndi yochepa, wina akakuberani dzina mudzavutika kusonyeza umboni woti anthu amalidziwa kuti ndi lanu.

®, ka R kozunguliridwa kaja, ndi nkhani ina. Kamatanthauza kuti chizindikirocho chinalembetsedwa ku boma ndipo satifiketi yake ilipo. Kuno kwathu zimenezi zimayenda pansi pa Trademarks Act ya 2018 ndipo amalembetsa ku ofesi ya Registrar General. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka chifukwa ndi komwenso amalembetsa dzina la bizinesi, ndiye munthu amaganiza kuti pepala limodzi lakwanira zonse. Ayi ndithu. Satifiketi ya dzina la bizinesi imangoti mukuchita malonda mu dzina lakutilakuti, siyikupatsani umwini wa dzina lomwe lili pa botolo. Kuika ® musanalembetse ndi kunamiza ogula, ndipo mmayiko ambiri lamulo limautenga ngati mlandu. Ine ndimakana kuika ngati sindinaone satifiketi, ena amakwiya nkupita kwina, ndimangoti yewo muyende bwino.

Mukafuna kulembetsa choyamba pemphani kuti afufuze ngati palibe wina analembetsa kale dzina lofanana ndi lanu, osayamba mwapirinta masitika 5,000 kenako nkudzamva kuti dzinalo lili ndi mwini wake. Kenako mumasankha kalasi. Katundu ndi ntchito zonse zinagawidwa mmakalasi 45, ndipo chitetezo chanu chimakhala mu kalasi yomwe mwalembetsa yokhayo. Khofi, tiyi, mpunga, buledi ndi uchi zili mu kalasi 30, chiponde chili mu 29, zovala mu 25, majuwisi ndi madzi akumwa mu 32, malo odyera mu 43. Ndiye ngati mumagulitsa uchi ndi chiponde pa dzina limodzi amenewo ndi makalasi awiri, konzekani thumba. Mukapereka fomu ndi chithunzi cha logo amaunika, akakhutira amalengeza kuti amene ali ndi dandaulo atuluke, pakapanda wotsutsa ndi pamene satifiketi imatuluka. Imagwira zaka 10, zikatha mumakaonjezera zina 10, mukaiwala dzina litha kufufutidwa mu kaundula.

Dzina lenilenilo nalonso muliganizire. Mawu ongofotokoza katundu ngati uchi wabwino kapena mpunga wa Karonga ndi ovuta kuti akupatseni nokha, chifukwa aliyense wogulitsa mpunga wa ku Karonga ali ndi ufulu wonena komwe wachokera. Pekani dzina lanulanu, ngakhale lopanda tanthauzo, limenelo ndi lomwe limalimba. Komanso kulembetsa kumathera pa boda. Munthu amene analembetsa ku Tanzania sikuti basi ku Malawi kuno watetezedwa, inunso chimodzimodzi katundu wanu akaoloka Songwe. Ofuna mayiko angapo pali njira ya ARIPO yomwe likulu lake lili ku Harare, komanso ya Madrid yomwe Malawi analowa mu 2018. Chizindikiro cha MBS (Malawi Bureau of Standards) musachiphatikize apa, chija ndi cha muyezo wa katundu, sichikhudza umwini wa dzina.

Tsopano ©. Ichi si cha mayina a malonda, ndi cha zinthu zomwe munthu wapeka, nyimbo, ndakatulo, buku, chithunzi, vidiyo, sewero, ngakhale pulogalamu ya kompyuta. Chosangalatsa nchakuti apa simufunika kulembetsa kuti ufulu ukhalepo, mukangolemba kapena kujambula ntchito yanuyanu umwini wayamba pompo. Ndi mfundo ya pangano la Berne la 1886 lomwe Malawi analowa mu 1991, ndipo lamulo lathu pano ndi Copyright Act ya 2016. Lamuloli pokhazikitsidwa mu 2016 linati ufuluwo ukhale moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira, ndiye kuti ana ndi adzukulu amadyerapo. Nanga ka © kantchito yanji? Kamachenjeza, ndipo kamasonyeza woti amufunse. Kalembedwe kake ndi chizindikiro, chaka chomwe ntchitoyo yatuluka koyamba, kenako dzina la mwini, mwachitsanzo © 2024 kenako dzina lanu. Ndipo tembenuzani mfundoyi muone, chithunzi chomwe mwachipeza pa Facebook kapena pa Google chopanda © sikuti ndi chaulere, mwini wake alipo. Makasitomala ambiri amandibweretsera chithunzi cha njuchi chotola pa intaneti kuti chikhale logo, kenako nkumafuna kuchilembetsa ngati chawo, zosatheka zimenezo.

Oyimba a ku Chibanja ndi Luwinga amene mumabwera kudzapangitsa makava, pali kena ka P kozunguliridwa, ℗. Aka ndi ka mawu ojambulidwa mu situdiyo, pomwe © ndi ka nyimbo yopekedwayo ndi zojambula za pa kava. Wopeka atha kukhala wina, mwini rekodi nkukhala wina amene analipira situdiyo, ndiye gwirizanani polemba musanatulutse. Ndalama za nyimbo zoseweredwa pa wailesi ndi mmalo azisangalalo amatolera ndi a COSOMA, bungwe lomwe linayamba mu 1992, kuti zikupezeni mukalembetse kumeneko ngati membala pamodzi ndi nyimbo zanu.

Kutaipa kwake sikovuta. Pa kompyuta ya Windows gwirani Alt nkulemba manambala a kumanja kwa kiyibodi, 0153 imatulutsa ™, 0174 imatulutsa ®, 0169 imatulutsa ©. Mu Word muthanso kudina Ctrl ndi Alt pamodzi ndi T, R kapena C. Pa foni dinani ?123 nkupita tsamba lachiwiri la zizindikiro, makiyibodi ambiri zili pomwepo. ™ ndi ® zimakhala kumanja kwa dzina chapamwamba, zazing'ono, ndipo kamodzi pa lebulo nkokwanira, osati dzina likatchulidwa kasanu nako kasanu ngati nthomba. © imapita pansi kapena kuseri. Mukamabwera kudzapirintitsa ndipo mukufuna ®, tengani satifiketi ya trademark ndione nambala yake, apo ayi tikuikirani ™.