Momwe mungayesere thandizo la laser pa ululu wa nyamakazi osangotayapo ndalama

Amene nyamakazi inamugwirapo bondo kapena zala amadziwa mmene mmawa umakhalira, kudzuka pabedi kokhako ndi ntchito, masitepe awiri atatu bondo likulira ngati chitseko chosowa oyilo, batani la malaya kukanika kumanga. Ndiye ukamva kuti kuli kamakina kowalitsa pamalo opwetekapo, kopanda jakisoni, kopanda opaleshoni, mtima umathamangira komweko. Wamva mmimba ndiye atsekula chitseko, sindikukunenani ayi. Koma musanapite tiyeni tione kachitidwe kake, chifukwa laser imathandiza anthu ena ndithu koma pokhapokha itaperekedwa pa mlingo woyenera komanso kwa munthu woyenera.

Kaye, chinthuchi nchiyani? Si laser yodula ija ya ku opaleshoni. Iyi ndi yofooka, madokotala amaitchula low-level laser therapy kapena photobiomodulation, kawirikawiri siwotcha ndipo nthawi zambiri simumva kanthu. Nkhani yake inayamba mu 1967 ku Budapest, Hungary, pomwe Endre Mester anaona kuti mbewa zomwe anazimeta nkuziwalitsa laser yofooka zinamera ubweya msanga kuposa zinzake. Kuwalako kumakhala kofiira kapena kwa infrared kosaoneka ndi maso, kumalowa pakhungu nkukafika mmaselo, ndipo maganizo a asayansi ndi oti kumathandiza tizigawo topanga mphamvu mmaselomo, ma mitochondria, kenako kutupa ndi ululu zimatsika.

Sitepe yoyamba: dziwani nyamakazi yanu ndi iti

Apa mpomwe ambiri amaphonya. Timangoti nyamakazi nyamakazi koma matendawa ndi angapo. Pali osteoarthritis, yobwera chichereŵechereŵe cha molumikizana mafupa chikamaperepeseka, imakonda maondo, chiuno ndi zala, ndipo kuuma kwa mmawa sikupitirira mphindi 30 kawirikawiri. Pali rheumatoid arthritis, pomwe chitetezo cha mthupi chimaukira mfundo zanu zomwe, manja onse awiri kutupa mofanana, kuuma mpaka ola lathunthu kapena kuposa. Palinso gout, yobwera asidi wina wotchedwa uric acid akachuluka mmagazi, yomwe imakonda kugwira chala chachikulu chakuphazi usiku mwadzidzidzi.

Pitani kwa dokotala akupimeni, mwina ayeza magazi kapena kujambula X-ray. Ndikulimbikira izi chifukwa rheumatoid imafuna mankhwala ngati methotrexate msanga, mukachedwa nawo mafupa amawonongeka ndipo sabwereranso, laser singaletse zimenezo olo atakuwalitsani chaka chonse. Ndipo ngati mfundo imodzi yatupa mwadzidzidzi, yatentha, yafiira, thupi likutenthanso, musaganize nkomwe za laser, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo poti atha kukhala majeremusi alowa mmfundomo.

Sitepe yachiwiri: dziwani zomwe mukuyembekezera

Ndikuuzeni zoona zake, akatswiri sagwirizana. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya BMJ Open mu 2019 anaphatikiza makafukufuku 22 oyesa thandizoli pa anthu odwala osteoarthritis ya bondo, nkupeza kuti ululu unachepa, makamaka pomwe mlingo unali woyenera. A Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2005 anapeza kuti kwa odwala rheumatoid laser imachepetsako ululu ndi kuuma kwa mmawa, koma kwa kanthawi kochepa. Pomwe bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, mu malangizo ake a 2022 linati laser isamaperekedwe pa osteoarthritis chifukwa umboni sunakwane. Ineyo mmene ndimaonera, ndi chinthu choti mutha kuyesa ngati chothandizira, kuti ululu utsike mukwanitse kuyenda ndi kuchita mafizo. Koma wina akakuuzani kuti imameretsanso chichereŵechereŵe kapena imachiziratu nyamakazi, nyamukani muzipita, akukunamizani ameneyo ndipo zimandiwawa kuona agogo akupereka ndalama zawo zonse pa lonjezo lotere.

Sitepe yachitatu: funsani mafunso musanagone pabedi paja

Pezani munthu wophunzira, wa mafizo kapena dokotala, osati aliyense amene wangogula makina. Ndiye mufunseni, musachite manyazi, thupi ndi lanu. Makinawa ndi a wavelength yanji, kutanthauza mtundu wa kuwalako womwe amayeza mu nm? Apereka ma joule angati, muyeso wa mphamvu ya kuwalako, pamalo aliwonse? Kafukufuku wa 2019 uja anaonetsa kuti pa bondo mlingo womwe umagwira ndi ma joule 4 mpaka 8 pamalo amodzi ngati makinawo ndi a 785 mpaka 860 nm, kapena joule 1 mpaka 3 ngati ndi a 904 nm. Simukuyenera kumvetsa sayansi yonseyo, lembani manambalawa papepala basi mupite nawo. Amene amadziwa ntchito yake ayankha mosavuta, amene angoti "musadandaule makinawa amadziwa okha" ameneyo mukayikireni. Mlingo ukachepa palibe chimachitika, komanso kuchulutsa sikuti ndiye kuchira msanga.

Funsaninso kalasi ya makinawo. A kalasi 3B mphamvu yake siposa 500 mW ndipo satenthetsa kwenikweni, a kalasi 4 ndi amphamvu kuposa apo, amamveka kufunda ndipo atha kuwotcha khungu ngati woyendetsayo wawaimika pamalo amodzi.

Sitepe yachinayi: nenani zonse za thupi lanu

Muuzeni ngati muli oyembekezera, laser siwalitsidwa pamimba. Muuzeni ngati muli ndi khansa kapena chotupa chomwe sichinapimidwe pafupi ndi malowo. Pakhosi pomwe pali chithokomiro sawalitsapo. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa chifukwa ena, monga doxycycline, amapangitsa khungu kusachedwa kupsa ndi kuwala. Khungu lakuda ndi malo olembedwa tattoo zimamwa kuwala kwambiri ndiye zimatentha msanga, makamaka ndi makina amphamvu aja, nkofunika kuti ayambe pang'ono nkumakufunsani mmene mukumvera. Ngati muli ndi shuga ndipo mapazi anachita dzanzi nenaninso, mutha kupsa osamva.

Sitepe yachisanu: tsiku lenilenilo

Valani zovala zoti malowo aoneke mosavuta, khungu likhale loyera lopanda mafuta odzola, makamaka opaka aja otenthetsa. Adzakupatsani magalasi apadera ndipo nayenso avale ake. Apa musanyengerere, opanda magalasi musalole, laser ikalowa mdiso imawononga ndipo ya infrared siioneka moti simuphethira nkomwe. Magalasi a dzuwa wamba sagwira ntchito imeneyi.

Kenako amaika kamutu ka makinawo pakhungu penipeni, malo angapo mozungulira mfundoyo, pa bondo amatsata mzere womwe mafupa awiri amakumana, paliponse masekondi angapo mpaka miniti kapena kupitirirako. Zonse zimatha mu mphindi zochepa. Mukamva kutentha kopweteka nenani pompo. Ena amamva kuti ululu wakwerako pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri kenako nkutsika.

Ulendo umodzi sukwanira. Nthawi zambiri amapereka kawiri kapena katatu pa sabata kwa masabata angapo, ndiye werengerani ndalama ndi mayendedwe a maulendo onsewo musanayambe, kusiyana nkusiyira panjira.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: lembani mukope

Ichi ndi chomwe ndimachikonda kwambiri chifukwa chimakutetezani ku kudzinamiza. Nyamakazi imakwera nkutsika yokha, sabata ino bwino, sabata yamawa moto, ndiye nkosavuta kuganiza kuti makina agwira pomwe linali tsiku labwino chabe. Musanayambe lembani kwa sabata yathunthu, ululu wanu kuyambira 0 mpaka 10, kuuma kwa mmawa kwatenga mphindi zingati, mwamwa mapilitsi angati opha ululu, mukutha kudzuka pampando kangati osagwira kanthu. Pitirizani kulemba tsiku lililonse mukayamba thandizolo. Pakatha masabata atatu kapena anayi yerekezani. Manambala akasintha, pitirizani mpaka mumalize. Akapanda kusintha lekani, bwererani kwa dokotala mukambirane njira ina, musalole kukakamizidwa kulipiriratu maulendo ena makumi awiri.

Nthawi yonseyi mankhwala amene dokotala anakupatsani musasiye, ndipo mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu apitirire chifukwa pa osteoarthritis masewera olimbitsa thupi ndi kuchepetsa thupi ngati lakula ndi zomwe zili ndi umboni wamphamvu kuposa makina aliwonse. Kilogalamu imodzi mukataya, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu anayi pa sitepe iliyonse.

Nanga timakina togulitsidwa pa intaneti toti muzidziwalitsa nokha kunyumba? Tambiri ndi timagetsi ta LED chabe osati laser, ndipo tina sitilemba nkomwe wavelength kapena mphamvu yake. Kopanda manambala amenewo musagule. Ngati kali nawo, kajambuleni pafoni mukamuonetse wa mafizo wanu, akuwerengereni kuti pamalo pamodzi muzikhala masekondi angati, ndipo kasungeni potalikira ana.