Kupweteka pochita chimbudzi mukakhala kumwezi: malangizo kwa amayi ndi atsikana

Amayi ambiri akafika kuchipatala amangoti "m'mimba mukundipweteka", n'kuthera pomwepo. Zoti ululu weniweni umabwera akakhala pachimbudzi m'masiku a msambo, mpaka kugwira khoma, thukuta kamukamu, amazisiya kunyumba chifukwa cha manyazi. Adokotala nawo amalemba mankhwala malinga ndi zomwe amva, ndipo mwezi wotsatira vuto lija labweranso. Mbali imene mumaibisayo ndi imene ingatithandize kudziwa chomwe chikukuvutani.

Tiyambe ndi mmene thupi linapangidwira. Chiberekero chili pakati: kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo, kumbuyo kwake kuli thumbo lotulutsa chimbudzi. Zili ngati nyumba zogawana khoma limodzi, phokoso la kwina limamveka kwinaku. Msambo ukamayamba, thupi limapanga timadzi totchedwa prostaglandin, timene timafinya chiberekero kuti magazi atuluke. Kufinyako ndiye cham'mimba chija. Timadzi tomweti timafikanso kumatumbo, n'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba tsiku loyamba ndi lachiwiri. Ena zimawachitikira mosiyana: masiku angapo msambo usanayambe, timadzi tina ta m'thupi totchedwa progesterone timachedwetsa matumbo, munthu n'kudzimbidwa. Chimbudzi cholimba chikamadutsa pafupi ndi chiberekero chomwe chikupweteka kale, ululu umawirikiza.

Ngati ululu wanu ndi wotere, wopiririka ndipo umatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu, zambiri mungathe kuchita pakhomo. Musadikire msambo, yambani kutatsala sabata imodzi. Phikani nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Nandolo kuno ku Zomba sasowa, onjezani nyemba, nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere. Papaya wakupsa amafewetsa chimbudzi bwino kwambiri. Imwani madzi okwanira, mpaka mkodzo uzituluka woyera. Atsikana ena amasala madzi dala kuti asalowe m'chimbudzi cha kusukulu ali kumwezi, ndipo chimbudzi chikawapeza amachigwira mpaka madzulo. Khalidwe limeneli limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chimbudzi chikakhalitsa m'thumbo chimauma, ndipo pochitulutsa chingathe kung'amba khungu la kotulukira. Chikakupezani pitani, khalani chonjuta, pumani mofatsa, musadzikakamize mwamphamvu.

Thirani madzi otentha m'botolo, likulungeni m'chitenje, muliike m'munsi mwa mchombo kapena kumsana. Kuyenda pang'ono kumathandizanso kusiyana ndi kugona tsiku lonse. Pa mankhwala, ibuprofen, amene ambiri timati brufen, amachepetsa prostaglandin uja, choncho amagwira bwino mukayamba kumwa ululu ukangoyamba, mutadya kaye. Koma ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mphumu, kapena mukukayikira kuti muli ndi pakati, musamwe musanafunse achipatala. Panado ndiye angakhale wabwinopo. Omwe mukumwa mapiritsi owonjezera magazi dziwani kuti nawo amadzimbitsa. Musawasiye, koma auzeni omwe anakupatsani.

Tsopano pali ululu wina umene si wa papaya kapena botolo la madzi otentha. Umabaya ngati mpeni mkati mwa kotulukira chimbudzi, umabwera mwezi ndi mwezi, ndipo chaka chino ukuposa chaka chatha. Mwana amajomba kusukulu, mayi amalephera kupita kumunda kapena kukakhala pa benchi yake ya tomato ku Thondwe. Nthawi zambiri pamakhalanso kupweteka mkati pokhala malo amodzi ndi abambo, kutaya magazi ambiri, kutopa, mwinanso kusatenga pakati. Zikakhala chonchi timaganizira matenda otchedwa endometriosis. Pa matendawa, minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake, pa mabasiketi a mazira, kumbuyo kwa chiberekero, ngakhale pathumbo penipeni. Mwezi ukakwana nayonso imatupa ndi kukha magazi, koma magaziwo alibe kotulukira, ndiye amasiya zipsera zomwe zimamatiriza ziwalo pamodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwa amayi ndi atsikana 10 alionse a msinkhu wobereka, pafupifupi mmodzi ali nawo. Si matenda a azungu, ndipo sabwera chifukwa cha chiwerewere kapena kulodzedwa.

Anamkungwi, azakhali ndi agogo, pano ndikupemphani. Mawu oti "pirira, ukadzabereka zidzatha" achedwetsa ana ambiri. Mimba singachize endometriosis. Ululu ungazizire pa nthawi ya pakati, koma kwa ambiri umabwereranso. Mtsikana wa Folomu 2 safunika kubereka kuti apeze mpumulo, afunika kupimidwa.

Ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi m'masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi tili ndi china choti tikumbukire: likodzo. Ambiri timalidziwa ndi magazi mumkodzo, koma mazira a nyongolotsi zake amathanso kukhala m'chiberekero, panjira ya amayi ndi m'matumbo, n'kumapweteketsa m'chinena. Ngati mumachapa, kusamba kapena kuwokera m'madzi amenewa, nenani kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel. Zotupa za m'chiberekero ndi matenda opatsirana pogonana nazo zingabweretse ululu wofanana.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona magazi m'chimbudzi chenichenicho, chimbudzi chakuda bii, kutentha thupi pamodzi ndi ukazi wonunkha, kapena ululu waukulu mbali imodzi ya mimba ndi chizungulire pomwe msambo unachedwa. Chomalizachi chingakhale mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo imapha msanga.

Kwa enanu, tengani kope, mulembe kwa miyezi itatu: tsiku lomwe msambo wayamba, masiku omwe chimbudzi chapweteka, ngati chinali cholimba kapena chamadzi, mankhwala omwe mwamwa, ndi ntchito yomwe yalephereka. Pitani nalo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala ku chipatala chaching'ono cha kwanu, ndipo nenani mosazungulira kuti "ndikakhala kumwezi ndimamva kupweteka pochita chimbudzi". Njira zina zolera, monga mapiritsi, jakisoni kapena zoika pamkono, zimachepetsa ululu umenewu kwa ambiri, ndipo anamwino angakuthandizeni kusankha. Zikapanda kusintha, pemphani kalata yokaonana ndi madokotala a matenda a amayi ku Zomba Central Hospital. Sikani (kuunika m'mimba ndi makina) ikatuluka yabwino ululu ukadalipo, bwereraninso, chifukwa endometriosis nthawi zambiri saoneka pa sikani wamba. Abambo, ya minibasi kapena kabaza ya ulendo umenewu muikonzeretu, ndipo ngati n'kotheka aperekezeni mayi.