Kalata ya MRA ikafika, musapite nokha ndi malisiti m'jumbo

A Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe la boma lotolera misonkho, akafuna kudzaunika mabuku a bizinesi yanu, kawirikawiri amayamba ndi kalata. M'kalatamo amatchula misonkho imene akufuna kuona, zaka zake, ndi mapepala oti muwakonzere. Amalonda ambiri amaphonya pomwepa. Ena amaiponya kalatayo m'dirowa poganiza kuti nkhaniyo izizira yokha. Ena amakokolola malisiti onse m'jumbo n'kuthamangira ku Msonkho House ku Blantyre, kaya ku ofesi ya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kukafotokoza ndi pakamwa. Langizo langa n'lakuti sabata yomwe mwalandira kalatayo mupeze katswiri wa zamsonkho, musanapereke pepala ngakhale limodzi.

Muyenera kudziwa mmene ounika mabukuwa amagwirira ntchito. Sakhulupirira kope lanu lokha ayi. Amatenga sitetimenti ya kubanki, n'kuwonkhetsa ndalama zonse zimene zinalowa, n'kuziyerekeza ndi zimene munalemba kuti munagulitsa. Ngati munaitanitsa katundu kudzera pa Mwanza, Dedza kapena Songwe, mapepala a kasitomu ali nawo kale. Ngati munagulitsa kwa kampani yaikulu yomwe inakudulani msonkho polipira, dzina lanu ndi nambala yanu ya msonkho (TPIN) zili m'mabuku a kampaniyo. Tsono pakapezeka kusiyana, udindo wofotokoza ndi wanu.

Apa m'pamene anthu oona mtima amagwera m'mavuto. Mchimwene wanu wa ku Johannesburg anatumiza ndalama zomangira nyumba ya amayi, zinalowa mu akaunti ya shopu. Munatenga ngongole ku banki m'khonde, munaiika momwemo. Munagulitsa galimoto yanu yakale, ndalama zake momwemonso. Kwa inu zimenezi si malonda, koma wounika akaona ndalama yalowa popanda pepala losonyeza kumene yachokera, akhoza kuiwerengera ngati malonda, n'kuikapo msonkho, chindapusa ndi chiwongoladzanja. Akauntanti wodziwa ntchito amayamba ndi zimenezi: amatsata ndalama iliyonse yolowa, ya kubanki, ya pa Airtel Money ndi ya pa Mpamba, n'kukuuzani umboni woti mufunefune nthawi ikadalipo, kaya ndi kalata ya ngongole, kaya mgwirizano wogulitsira galimoto.

VAT nayo ili ndi misampha yake. Amene analembetsa VAT amachotsera msonkho umene analipira pogula katundu, koma kuchotserako kumafuna lisiti yovomerezeka yochokera kwa wogulitsa amene nayenso analembetsa. Kapepala kolemba pamanja sikathandiza. Palinso PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, komanso msonkho umene mumayenera kudula polipira lendi kapena anthu ena okugwirirani ntchito. Ambiri sadziwa kuti ukapanda kudula, a MRA amakufunsa iweyo, osati mwini nyumba.

Nanga katswiriyo mum'peza kuti? Kunja kwa maofesi a boma sikusowa madobadoba onena kuti amadziwana ndi mabwana a mkati. Amenewo athaweni. Funani akauntanti amene ndi membala wa Institute of Chartered Accountants in Malawi, ICAM, ndipo musachite manyazi kum'funsa chiphaso chake. Mukhozanso kufunsa ku Malawi Accountants Board, bungwe loyang'anira ntchitoyi. Mum'funse ngati anaimirirapo munthu pa kauniuni wa MRA, chifukwa kulemba mabuku a pamwezi n'kwina, kukambirana ndi ounika n'kwinanso. Mugwirizane za malipiro polemba, ndi ntchito imene adzagwire. Wina akakulonjezani kuti nkhaniyo "aitha" mukam'patsa kangachepe kokapereka mkati, dziwani kuti akukulowetsani m'mlandu wa ziphuphu, womwe ndi wa Anti-Corruption Bureau, ndipo wopereka amalakwa chimodzimodzi ndi wolandira.

Ndimamva ena akudandaula kuti akauntanti ndi wodula. N'zoona, sagwira ntchito yaulere. Koma kauniuni amabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndipo cholakwika chaching'ono chobwerezedwa mwezi ndi mwezi chimakula msanga akaikapo chindapusa. Ine ndimaona kuti amene amadandaula kwambiri za malipiro a akauntanti ndi omwewo amene sanaonepo kalata yowerengera msonkho wa zaka zitatu pakamodzi.

Mukam'peza, mumuuze zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ngati pali miyezi imene simunatumize mafomu pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA, kapena malonda amene sanadutse pa makina otulutsa malisiti, nenani. Sing'anga sachiza nthenda yobisidwa. Iye ndi amene angakuuzeni ngati kuli bwino kuulula nokha cholakwikacho ounika asanachipeze. Chimene sayenera kuchita, ndipo inunso musam'pemphe, ndi kupanga malisiti abodza kapena kusintha masiku pa mapepala. Kulakwitsa masamu kumathera pa kulipira. Chinyengo chimafika ku khothi. Zikayamba kununkha choncho, kapena a MRA akatchula zozemba msonkho, onjezerani loya wolembetsedwa ku Malawi Law Society.

Tsiku la kauniuni katswiriyo akhalepo, ndipo mulembe kalata yodziwitsa a MRA kuti ndi amene akukuimirirani. Pasakhale kuti wogulitsa m'shopu akuyankha zake, mkazi kapena mwamuna wanu zake, inunso zanu. Funso limene simukudziwa yankho lake musaliyankhe mongoganizira. Pemphani kuti alilembe, mudzayankhe mutaona mabuku. Pepala lililonse lochoka m'manja mwanu musunge fotokope yake, ndipo wolandira asaine. Ngati nthawi imene akupatsani yachepa, pemphani yoonjezera polemba kalata tsikulo lisanakwane. Kumbukiraninso kuti ngakhale mwalemba katswiri, msonkhowo ndi wanube, choncho werengani chilichonse musanasaine.

Kauniuni akatha, a MRA amakuuzani zimene apeza ndi ndalama zimene akuti mulipire. Mawu amenewo si omaliza. Lamulo la Tax Administration Act la 2021 limakupatsani mwayi wokana polembera Commissioner General, mkulu wa MRA, ndipo mukapanda kukhutira ndi yankho lake pali njira yokadandaula ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomva madandaulo a zamsonkho, lomwe lamulo lake linakhazikitsidwanso mu 2021. Koma nthawi yokanira ndi yochepa, imawerengedwa m'masiku, ndipo kalata yokanayo imafuna zifukwa ndi umboni, osati kungolemba kuti ndalamazo zachuluka. Lembani tsiku limene mwalandira chikalatacho pamwamba pake, ndipo tsiku lomwelo muchipereke kwa katswiri wanu. Gawo limene mukuvomereza kuti munalakwitsadi, mum'pemphe akakambirane ndi a MRA za kulipira pang'onopang'ono asanafike potenga ndalamazo mu akaunti yanu ya kubanki.