Mmene mungalembere magazini akunja za kwathu kuno ku Mulanje

Ntchitoyi ndinaidziwira kwa mayi wina wochokera kunja amene ankakhala pa boma, amuna ake akugwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Ankalembera magazini a anthu okonda kuyenda, ndipo ankabwera kwathu ku Likhubula ndi kope m'manja. Chiperoni chimayamba liti? Mwana wa zaka zisanu angafike ku Dziwe la Nkhalamba? Ine ndinkayankha uku ndikusenda chinangwa pakhonde. Nkhani ikatuluka, nzeru zinali zanga koma dzina lake. Sindimusungira kanthu kukhosi, chifukwa ndi yemweyo amene tsiku lina anati, "Achemwali, bwanji osalemba nokha?" Ndiye amayi anzanga a ku Mulanje ndi ku Thyolo, imvani mmene ndimachitira.

Sankhani kanthu kamodzi basi. Mkonzi wa magazini amadziwa kale kuti Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ndi wotalika mamita 3,002, komanso kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathu m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Zimenezo amazitola pa intaneti. Chimene alibe ndi chimene inu mumachiona mukatuluka panja m'mawa. Muuzeni kuti mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kuphimba phiri masiku angapo, miyala n'kumaterera, ndipo wotsogolera wanzeru amagoneka alendo pa nyumba ya okwera phiri ya Chisepo mpaka kuyere m'malo mowathamangitsira pamwamba. Muuzeni za chinanazi cha m'mbali mwa msewu, mmene amachisendera ndi chikwanje n'kukusiyirani kachitsa kogwirira, madzi akuyenderera mpaka pachigongono.

Musalembe za pamtima. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula njira ndi milatho, choncho zimene munkadziwa kale mwina zinasintha. Pitani nokha, kapena funsani anyamata onyamula katundu amene atsika sabata yomweyo. Mtengo wa minibasi yochokera ku Limbe muziulemba pamodzi ndi mwezi umene mwafunsa, poti suchedwa kukwera. Mlendo akasochera chifukwa cha mawu anu, mkonzi sadzakufunaninso.

Kalata yodzidziwitsa ikhale yaifupi: ndinu ndani, mumakhala kuti, nkhani yanu ndi yotani, zithunzi muli nazo kapena ayi. Chingerezi chisakuopseni. Pezani mphunzitsi akuwerengereni, koma akonze zolakwika zokha, asachotse mawu anu. Musanatumize nkhani yonse, gwirizanani pa imelo za malipiro, njira imene ndalama idzafikire, ndi dzina limene lidzalembedwe pamwamba. Zithunzi zili ndi mtengo wake pazokha. Ndipo akakhala mlembi wakunja amene akufuna kuti mumuperekeze ndi kumumasulira, nenani poyera kuti tsiku lanu ndi lolipira, ndiponso dzina lanu lituluke. Ambiri savuta, kungoti ife timachita manyazi kunena.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandikhudza kwambiri. Akonzi amakonda nkhani za mizimu ya m'phiri, monga ija yoti ukapeza chakudya m'nkhalango udye wekha osaitana mnzako. Ilembeni mmene agogo anakuuzirani, mwaulemu, osathira mchere kuti alendo aseke kapena achite mantha. Malo amene akuluakulu amathirako nsembe musawatchule musanapite kwa amfumu. Chinanso ndi mkungudza. Mtengowu ndi wa m'phiri lathu lokha, ndipo watsala pang'ono kutha. Fungo lake ndimalikonda ngati wina aliyense wobadwira kuno, koma sindilemba kuti alendo agule timabokosi take. Ndimalemba za anthu amene akubzala mbande.

Za zithunzi za amayi othyola tiyi, pemphani kaye, ndipo afotokozereni kumene chithunzicho chikupita. Mayi amene waweramira dengu kuyambira m'bandakucha ali ndi ufulu wokana. Amene avomera, muwabwerere nkhani ikatuluka. Ine yanga yoyamba, ya msika wa Limbuli, ndinakaitsegula pa foni pakati pa amayi ogulitsa nandolo, ndipo foniyo inayenda dzanja ndi dzanja mpaka batire inatha.