Momwe ndimakonzera phunziro la anthu otchuka amene anamwalira tsiku limodzi

Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina yoyendera kuno ku Thyolo, kumbali ya Goliati, ndipo Lachitatu masana ndimakhala ndi ana a kalabu yathu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Gawo limene ana amalikonda kwambiri ndi la anthu otchuka omwe anatisiya pa deti imodzi koma zaka zosiyana. Aphunzitsi anzanga akhala akundifunsa kakonzedwe kake, ndiye ndati ndilembe.

Yambani ndi kope la masamba ambiri, mwezi uliwonse muupatse masamba ake. Mukamva pa wailesi kapena mukawerenga kuti wakutiwakuti anamwalira tsiku lakuti, lembani pomwepo, koma ndi pensulo. Bolopeni idikire kaye mpaka detiyo mutaipeza malo awiri kapena atatu osadalirana. Zapa Facebook ndi WhatsApp muziziyesa mphekesera chabe.

Kufunika kwa pensuloyo ife a ku Thyolo tinakuphunzirira pa maliro a mwana wa mudzi wathu. Malemu a Bingu wa Mutharika anagwa ku nyumba ya boma ku Lilongwe Lachinayi pa 5 Epulo 2012, koma boma linalengeza za imfa yawo pa 7 Epulo, tsiku lomwe mayi Joyce Banda analumbiritsidwa. Pakatipo thupi linali litatengeredwa ku South Africa, anthu akuuzidwa kuti akukalandira chithandizo. Mpaka lero mukafunsa pa msika ena akuuzani pa 6, ena pa 7. Komiti yofufuza za imfayo inapeza kuti anamwalira pa 5 pomwepo. Nkhani imeneyi ana ndimawafotokozera yonse, chifukwa imawaphunzitsa kufunsa kuti wanena ndani, ndipo wanena liti.

Deti ikakhazikika, sakani ena amene anamwalira tsiku lomwelo. Pa intaneti mupeza mndandanda wautali, oimba, asilikali, olemba mabuku. Musatengeke. Mayina khumi pa bolodi ndi chiwerengero cha manda chabe, mwana sapita nacho kunyumba. Sankhani awiri, mwina atatu, amene miyoyo yawo ikukhudzana penapake, ndipo mmodzi akhale woti ana anamumvapo kwa makolo awo.

Pa 5 Epulo ine ndinasankha Chiang Kai-shek, yemwe anamwalira ku Taipei mu 1975 ali ndi zaka 87. Ameneyu analamulira China, nagonja kwa Mao Zedong, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu, ndipo mu 1949 anathawira ndi boma lake pa chilumba cha Taiwan. Boma limeneli ndi lomwe a Kamuzu anapalana nalo ubale mu 1966, ubale umene pambuyo pake unatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Nanga anaudula ndani? A Bingu, kumapeto kwa 2007, pomwe anatembenukira ku boma la China la ku Beijing. Ndikafika apa ndimasiya kuyankhula, ndimangoloza cha ku Ndata. Ana amadziwa okha kuti kumeneko kuli MUST, yunivesite yomangidwa ndi ngongole ya ku China pa malo omwe a Bingu anapereka, ndipo chapafupi pomwepo pali Mpumulo wa Bata pamene anaikidwa pa 23 Epulo. Mtsikana wina wa Fomu 3 anaimika mkono n'kufunsa: "Aphunzitsi, ndiye kuti tikanakhalabe ndi Taiwan sukulu ija bwenzi kulibe?" Tinatha ola lonse pa funso limenelo, mpaka chiperoni chinatithamangitsira m'kalasi.

Sabata imodzi phunziro lisanafike, tumani ana akafunse akuluakulu kwawo. Muwauze bwino za kafunsidwe kake: akhale pansi, apereke moni, anene chomwe abwerera, ndipo asalembe dzina la munthu m'kope ngati mwiniwake sanalole. Zomwe amabweretsa sizili m'buku lililonse. Wina agogo ake anamuuza za chaka chomwe makuponi a feteleza anayamba, mu 2005, ndi momwe chimanga chinatulukira pa kamunda kopanikizika pakati pa maesiteti a tiyi, mpaka kusowa matumba. Wina amalume ake oyendetsa minibasi anamuuza zogona pa mzere wa mafuta mu 2011.

Zonse ziwirizi zinenedwe, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Kuno kwathu dzina la a Bingu ndi lolemera, ena mwa ana ndi abale awo enieni, ndiye mphunzitsi amafuna kungotamanda basi. Komatu munthu yemweyo amene anakhala wapampando wa African Union mu 2010 ndi amene ankalamulira pa 20 Julaye 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero. Chiang nayenso analamulira Taiwan ndi dzanja lachitsulo, otsutsa ambiri anamangidwa ndi kuphedwa. Nenani modekha, ndi ulemu woyenera malemu, osalowetsamo zachipani. Ana akayamba kukokana pa ndale za lero, abwezereni ku funso la chomwe chinachitika.

Tsiku lina losavuta kuyambira ndi 25 Novembala. A Kamuzu Banda anamwalira pa tsikuli mu 1997 ku chipatala ku Johannesburg, Fidel Castro mu 2016, Diego Maradona mu 2020. Anyamata amadzuka akamva za Maradona, makamaka mukawauza kuti anali bwenzi la Castro mpaka anadinda nkhope yake pa mwendo. Chenjerani ndi kusiyana kwa nthawi: Castro anamwalira usiku wa pa 25 ku Havana, kuno kukucha pa 26. Timatsata deti ya komwe munthuyo wafera.

Ngati 5 Epulo yagwera pa holide, chitani phunziroli sabata yotsekera. Mapu a dziko lonse mubwereke ku ofesi m'mawa, ndipo pezeranitu Taiwan nokha, chifukwa ndi kachilumba kakang'ono koti chala chimodzi chimakaphimba.