Chiponde cha gulu chikhale chimodzi m'botolo lililonse

Magulu ambiri opanga chiponde ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe amagulitsa pa dzina limodzi, koma aliyense amakazingira kwake. Wogula sadziwa kuti botolo ili ndi la mayi uje. Likamuwawira mkamwa, amasiya kugula chiponde cha gulu lonse. N'chifukwa chake tikukupemphani, amayi ndi abambo, kuti mukhale pansi mugwirizane malamulo a kapangidwe, alembedwe m'buku la gulu.

Yambani ndi mtundu wa mtedza. Ngati mwasankha CG7, nonse gwiritsani CG7. Chalimbana ndi wamaso akuluakulu, ndipo mukasakaniza mitunduyi mumphika umodzi, wina umapserera wina usanapse.

Nkhani yaikulu ndi chuku. Poizoni amene chuku chimatulutsa, aflatoxin, amawononga chiwindi, ndipo satha ndi kukazinga. Saoneka ndi maso, choncho chitetezo chiyambire kumunda. Mukakumba, sanjikizani mtedza mwa njira ya Mandela, masamba kunja, makoko kuyang'ana mkati, uume pamenepo sabata ziwiri kapena zitatu. Wouma bwino umalira mukaugwedeza, ndipo njere yake imathyoka kuti phwa mukailuma. Chizolowezi chothira madzi pa makoko kuti afewe poswa chilekeke, pakuti chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimafuna. Matumba akhale pa mitengo, asagunde pansi kapena khoma.

Kusankha musachitire kunyumba. Chitani pamodzi tsiku limodzi, masana, pa mphasa yoyera, mtedza wa mayi uyu usankhidwe ndi mnzake, chifukwa mwini wake amaumvera chisoni. Chotsani wonyala, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo ndi wosintha mtundu. Zimatiwawa kuona mtedza wochotsedwawu ukusinjidwa kukhala nsinjiro za phala la ana. Chuku chambiri chimakhala mmenemo, ndiye ukwiriridwe. Ngakhale nkhuku musazipatse.

Pokazinga, sungani kabotolo ka mtedza wokazingidwa bwino kuti aliyense azifananiza nako. Moto ukhale wapakati, muzitakasa osalekeza. Wosapsetsa umanunkha chiwisi, wopserera umawawa. Uyaleni uzizire, pukusani, petani ndi lichero, kenaka sankhaninso, popeza mawanga amaonekera bwino khungu likachoka.

Mchere muyeze pa sikelo: magalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya mtedza. Za kutapa ndi dzanja ayi, manja amasiyana. Mabotolo aume ndithu musanathire. Kadontho ka madzi kamachititsa nkhungu pansi pa chivindikiro.

Botolo lililonse likhale ndi tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito, kulemera kwake ndi nambala ya amene wapanga. Pa ulendo uliwonse wopanga, sungani botolo limodzi kwa mlembi. Dandaulo likabwera, mumatsegula lomwelo n'kupeza pamene panalakwika popanda kulozana zala. Sankhani anthu atatu oyang'anira, azisinthana pa miyezi itatu iliyonse, ndipo akhale ndi mphamvu yobweza katundu ngakhale wa wapampando.

Mukafuna kulowa m'masitolo akuluakulu, mudzafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Iwo amayendera malo opangira ndi kuyeza chiponde chenichenicho. Muzipatula kangachepe pa botolo lililonse logulitsidwa kuti ndalama yoyezetsera ikhalepo nthawi ikakwana.