Kuyenda msewu wa M5 kuchoka ku Salima mpaka ku Nkhata Bay: konzekerani chonchi

Mwafunsa ngati ulendowu ungatheke tsiku limodzi pa galimoto yaing'ono. Ungatheke, koma ugaweni masiku awiri kuti nyanja muione bwino.

Choyamba, dzazani thanki ku Salima, muthirenso ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa ngakhale mafuta asanathe theka, chifukwa malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Tayala lapadera likhale lopopa, jeke alipo, laisensi, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zili pafupi poti pali ma roadblock.

Nyamukani m'mamawa. M'malo ena msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake phula linadyeka, ndipo njinga za kabaza, mbuzi ndi ana zimatulukira mwadzidzidzi. Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi yokha. Chepetsani liwiro musanafike, amene wayamba kulowa mumupatse mpata. Usiku musayende, maenje saoneka. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, funsani madalaivala a minibasi ngati milatho ili bwino, madzi osefukira amadula msewuwu.

Mukadutsa mlatho wa Chia, gonani ku Nkhotakota. Mawa lake pitirizani kudzera ku Dwangwa, kuminda ya nzimbe, mukapume ku Chintheche kumene mchenga wake ndi woyera mbee.

Pogona sankhani chipinda chokhala ndi neti yosabooka. Sambani pamchenga poyera pomwe pali mafunde, osati pamabango kapena pamathiriro a mtsinje: pamenepo pamakhala nkhono za likodzo ndi ng'ona.